Tsiku limene ndinagonjetsa mdzukulu wanga pa mtsutso

Mpaka lero ndikamalowa m'tchalitchi amayi a kumpingo amakodolana, ena n'kunong'ona kuti, "Aloya afika." Ine ndimangoyang'ana kutsogolo ngati sindikumva. Koma poti nkhaniyi yafala kuchokera ku Chirimba mpaka ku Limbe, ndipo aliyense akuithira mchere wake, ndaganiza zoilemba ndekha. (Kulembaku ndinaphunzira nditakalamba kale, ku kalasi ya amayi. Ndinatopa n'kupatsa anthu makalata anga kuti andiwerengere. Mungadziwe bwanji kuti akuwerenga zimene zili papepalapo?)

Ndili ndi mdzukulu, dzina lake Dankeni, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Ndinamulera ndine. Anamaliza makalasi onse a kumishoni ku Kabula, n'kuphunziranso za uphunzitsi, mpaka aphunzitsi ake anavomera kuti kuno kulibenso choti n'kumuonjezera. Ndiye kumwera uko, kupitirira Joni, kuli sukulu ina yaikulu kumene akuti munthu wakuda amalowa ndi kabudula n'kutuluka ali dokotala. Mishoni inkatumizako mnyamata mmodzi basi pa chaka, ndipo wopitayo ankayenera kunyamula kalata yomuchitira umboni yolembedwa ndi mzungu wamkulu wa pasukulupo. Chaka chimenecho oifuna kalatayo anali awiri: Dankeni wanga ndi Wilisoni, mwana wa kalaliki wa kuboma.

Ine ndinamulangiza mwana wanga mokwanira. Usadye kwa Wilisoni. Usasiye mabuku ako poyera. Ndipo koposa zonse, usatchule boma, ngakhale kulitamanda. Ndinaona ndi maso angawa amuna ophunzira, ovala makolala, akutengedwa ndi asilikali chifukwa cha pakamwa, ndipo ena sanabwerere. Pa nkhani za boma ine ndinali nditakhala zaka zambiri ngati wosalankhula.

Kenaka mnyamatayo anayamba khalidwe lachilendo. Akaweruka ankapita kuseri kwa nyumba, m'nthochi, n'kumalalikira mbuzi m'Chingerezi, mkono uku akuponya, chala akuloza kumwamba. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe masiku atatu. Chingerezi sindichimva, koma pakati pa phokoso lonselo liwu limodzi linkabwerabwera, ndipo limenelo ndikulidziwa bwino: thangata.

"Iwe Dankeni, za thangata zalowa bwanji m'Chingerezi chako?"

"Ndi mtsutso wa kusukulu, agogo. Loweruka lino. Azungu akufuna atimve mmene timayankhulira asanasankhe womulembera kalata ija."

"Kukhala ndani kumeneko?"

"Makolo aitanidwa. Koma inu musavutike, n'kutali, miyendo yanu ija."

Miyendo yanga! Imene inkamubereka kupita naye kuchipatala n'kubwerera tsiku lomwelo! Pomwepo ndinadziwa kuti pali chimene akubisa, ndipo sindinamufunsenso kanthu. Ndinaona kuti ndi bwino kukadzionera ndekha.

Loweruka litafika ndinadikira kuti anyamuke, kenaka ndinadula nthochi n'kudzaza dengu, kuti anansi aziti ndikupita kumsika. Makamaka ndinkabisira amake Lute, a nyumba yoyandikana nane, amene akaona kanthu m'mawa, pofika masana mbuzi za ku Naperi zimakhala zitamva. Njira yachindunji ya kumishoni ndinaisiya. Ndinazungulira m'tauni, kudutsa pamasitolo a amwenye, kutsikira kumsika, kuti aliyense wondiona akhulupirire. Kumsikako khukhi wa mzungu wina anandiimitsa kuti agule nthochi zonse pamodzi ndi dengu. Ndinakana. Anaonjezera mtengo. Ndinakanabe, poti dengu likapita ndiyenda ngati ndani? Tinakangana nthawi yaitali, iye akundifunsa kuti nanga kumsika ndadzatani, ine ndikumufunsa kuti wamutuma ndani.

Ndiye ndinafika mochedwa. Mawu otsegulira, amene akanandipulumutsa, anandipita. Wilisoni nayenso anali atayankhula kale n'kukhala pansi.

Koma abale, holo imene ija! Ine ndinali ndisanalowemo chibadwire. Denga lili kumwamba uko popanda mzati pakati, ndipo ndinaima kaye pakhomo kuyembekeza kuti ligwe. Mazenera a galasi aatali kuposa munthu. Pakhoma wotchi yaikulu ikugwedeza mchira yokha. Pakona bokosi lokhala ndi lipenga likuimba nyimbo, munthu woimbayo osaoneka, ndipo anthu ali phee ngati n'zachizolowezi. Anthu ake anadzaza mpaka m'mawindo, ena ochokera ku Chichiri, ena ku Limbe, chifukwa m'tauni muno zoonerera n'zochepa. Kutsogolo, pathebulo loyala nsalu yoyera, panali mzungu wamkulu wa sukulu uja, dona wake, ndi bwana wina wa kuboma wofiira khosi, kabuku ndi pensulo zili m'manja.

"Agogo ake a Dankeni! Bwerani kuno, takusungirani malo."

Ndinacheuka. Amake Lute, ali pabenchi, mpango watsopano kumutu.

"Tinadziwa kuti mubwera," anatero. "Nanga nthochizo n'za azungu?"

Ndinatula dengu n'kukhala pansi.

Bokosi lija litaleka kuimba, anaitana dzina la mwana wanga. Anaimirira atavala jekete yakuda imene ine sindinamugulire, n'kuyenda kupita kutsogolo osathamanga, osazengereza. Anayang'ana azungu aja m'maso. M'maso! Kenaka anatsegula pakamwa.

Owerenga inu, ndamvapo mvula ikuyamba padenga la malata, ndamvapo sitima ikulowa pa Limbe, koma zimene ndinamva tsiku lija sindinazimveponso. Chingerezi chinkatuluka mwa mwana ameneyu ngati anayamwa chimenecho. Amati akweze mawu holo yonse n'kuwerama, amati atsitse anthu n'kutchera khutu. Dona anasiya kudzikupiza. Ine ndinkadzifunsa kuti kodi uyu ndi yemwe uja ndinkamutafunira chinangwa? Zonsezi zinkakhala pati m'kamutu kamene ndinkameta ndi galasi losweka? Misozi inatsika ndipo sindinaipukute.

Ndiye anapumira, kuti mphunzitsi wina amene anaima pambali amasulire, makolo timve.

"Mnyamatayu akuti ntchito ya thangata ndi yabwino kwa anthu akuda. Akuti inatiphunzitsa kulawirira."

Ndinatsina amake Lute. Iwo anachapapo zovala kwa dona wina, Chingerezi amachitola pang'ono.

"Womasulirayu akunama eti?"

"Sakunama. Wachepetsa kumene."

Mwana anapitiriza, mphunzitsi akumasulira. Akuti thangata ndi amene anabweretsa misewu. Akuti popanda iye sitikanadziwa kulima fodya ndi khofi. Akuti mwini munda amapatsa anthu pokhala, ndiye kumulimira mwezi umodzi kapena iwiri n'kuthokoza chabe. Bwana wa kuboma ankagwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinayang'ana jekete ija, ndinayang'ana bwanayo, ndipo zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Amugula. Mwana wanga amugula ndi jekete ndi kalata.

Ndinati ndituluke mwakachetechete. Ndikulumbira, cholinga chinali chimenecho. Ndinaimirira, ndinasenza dengu langa, ndinaponya phazi limodzi. Koma pakamwa panatseguka pokha.

"Iwe Dankeni! Kulawirira anakuphunzitsa ndani? Ife tinkalawirira azungu asanadziwe kuti kuno kuli dziko!"

Holo yonse inacheuka. Ndikanakhala pansi pomwepo bwenzi zinthu zili bwino. Koma zaka zonse ndinakhala chete zija zinali zitaunjikana pakhosi. Ndinamuuza za munda wa mzungu umene ine ndi agogo ake aamuna tinkakhalamo tisanathawire ku Chirimba. Ndinamuuza kuti mwezi wa thangata unkatalika kuposa mwezi wakumwamba, chifukwa kapitawo akakwiya tsiku limenelo salilemba patikiti. Ndinamuuza kuti ankatiitana nthawi yodzala yeniyeni, minda yathu n'kumera udzu, ndipo amayi ake ndinawabereka kumbuyo ndikupalira fodya amene sindinamusutepo. Misewu? Tinaikumba ndife, ndipo odutsapo pa machila tinkawanyamulanso ndife. Pokhala? Mudzi umenewo agogo anga anaikidwa momwemo mzunguyo asanabadwe.

Amayi kumbuyo anayamba nthungululu. Madoda ankamenya mabenchi. Mzungu wamkulu anakodola womasulira uja kuti amuuze zimene ndikunena, ndipo mphunzitsiyo, thukuta lili kamukamu, ananena timawu titatu n'kusiya.

"Aphunzitsi," ndinatero, "ine ndayankhula zodzaza dengu, inu mwapereka nthochi imodzi. Masulirani zonse."

Anamasulira zonse. Bwana wa kuboma anatsegula kabuku kake n'kuyamba kulemba.

Apo m'pamene amake Lute anandikoka chitenje.

"Khalani pansi, mayi inu! Mwanayo sakunena zake. Anatola kapepala m'chipewa sabata zitatu zapitazo. Wina amatola kuvomereza, wina kutsutsa, ndipo aliyense amateteza chimene watola. Ndiwo masewera ake. Anafotokoza poyamba paja, inu muli kumsika."

Ndinayang'ana Wilisoni. Ankamwetulira ngati munthu amene wapeza munda wake utalimidwa kale. Mfundo zonse zimene iye analephera kuzinena bwino ndinali nditamunenera ine, pamaso pa oweruza, ndi dengu pamutu.

Mzungu wamkulu anaimika dzanja anthu n'kukhala chete. Anati mwa lamulo la mtsutso, woyankhula ali ndi ufulu woyankha aliyense womutsutsa. Dankeni ayankhe agogo ake.

Tsono taganizani. Akanditsutsa pagulu, makolo onse aja amuona ngati mwana wopanda mwambo. Akandivomereza, wagonja, kalata yapita kwa Wilisoni. Ndinamuika pamenepo ndine.

Mwanayo anatsika pansanja paja. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka pamene ndinaima, ananjuta ndi jekete yake yomweyo, n'kuomba m'manja katatu monga ndinamuphunzitsira. Kenaka anaimirira, anatembenukira kwa azungu, n'kuyankhula m'Chinyanja choyamba, Chingerezi pambuyo, osafuna womasulira.

"Mabwana, agogo anga sindingawatsutse, chifukwa iwo analipo ndipo ine kunalibe. Ndafufuza m'mabuku onse a pasukulu pano sabata zitatu kufuna ubwino wa mbali imene ndinatola. Ndinapeza mfundo zinayi. Agogo azigwetsa zonse asanatule n'komwe dengu. Ngati maphunziro a pano sakukwanira kuyankha mayi mmodzi wa ku Chirimba, ndiye kuti ndikufunika sukulu yaikulu. Nditumizeni."

Holo inaphulika. Dona anaseka mpaka kubisa nkhope m'kansalu. Mzungu wamkulu ankapukuta magalasi ake mapewa akugwedera. Ine ndinali nditamukumbira dzenje ndi manja anga, iye n'kulisandutsa popondera. Nzeru zotere m'banja mwathu sindikudziwa kuti anazitenga kwa ndani.

Mtsutso anapambana ndi Wilisoni, ndipo anamupatsa buku. Kalata, patapita masiku, anamulembera Dankeni. Koma musafulumire kundiombera m'manja. Chiphaso cha ulendo chimachokera kuboma, ndipo kabuku kaja sikanaiwale. Mesenjala anabwera kwathu kawiri, chipewa chofiira kumutu, kudzafunsa kuti mayi wokalambayu amasonkhana ndi ndani, nanga zandale anamuphunzitsa ndani. Ndinamuuza kuti anandiphunzitsa ndi khasu. Analemba zimenezo. Chiphaso chinagona m'maofesi mpaka sukulu ya kumwera inatsegulira popanda mwana wanga. Anakhala chaka chathunthu akuphunzitsa tiana kusukulu ya kumudzi, kudikira. Chaka chonsecho sanandinenepo liwu loipa ngakhale limodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. (Jekete ija, ndinadzamva pambuyo pake, anabwereka kwa amuna awo a amake Lute. Chirimba yense ankadziwa kupatula ine.)

Anakwera sitima pa Limbe chaka chotsatira. Ndinamulonjeza papulatifomu pomwepo kuti sindidzalowereranso nkhani imene sindinaimve poyambira, ndipo iye anati, "Chabwino agogo," mwaulemu wa munthu amene sakukhulupirira.

Mwezi wathawu walemba kalata. Akuti kumeneko mtsutso umachitika Lachisanu lililonse, ndipo amusankha kukhala wotsogolera gulu lake. Ndamuyankha kale. Ndamuuza kuti ndanyadira kwambiri, azivala zofunda, asadye kwa anthu osawadziwa, ndipo mutu wa mtsutso uliwonse azinditumizira kukadali nthawi, pamodzi ndi dzina la munthu amene waukonza.