Mabulangeti a apongozi anakathera ku Malawi

Mpaka lero, ikafika nyengo yozizira, kwa apongozi anga ndimapitako maso ali pansi. Mlandu wake ndi mabulangeti.

Chaka chimenecho mphepo ndi matalala zinasasula nyumba zambiri cha ku Domwe, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Malawi, ndipo mudzi wa apongozi sunatsale. Zofunda zinawonongeka, chisanu chili pakhomo (chisanu cha kwathu kuno mukuchidziwa, chimalowa mpaka m'mafupa). Mabungwe othandiza anthu anakumana ku Ulongwe n'kugawana midzi, kuti pasapezeke mudzi wolandira kawiri wina uli chimanjamanja. Ankafuna munthu wodziwa njira. Ine mphunzitsi wamba ndinadzipereka, n'kutumiziratu uthenga kwa apongozi kuti mtima m'malo, mkamwini wawo akubwera ndi magalimoto.

Anandikhazika kutsogolo m'galimoto yoyamba, yotulutsa kampweya kofunda kumapazi. Kunja kunali nkhungu yoti ng'ombe sungaione ngakhale ili pamphuno. Mitengo ya bulugamu inkangoyandama, minda ya kachewere kubwera n'kusungunuka. Ndinayamba kulota ndili maso. Ndinadziona nditavala kajekete ka bungwe ka matumba ambirimbiri, ndikutsika ndege ku Maputo, uku apongozi akuuza anzawo pachitsime kuti mwana wawo anakwatiwa pabwino. Pamphambano ina woyendetsa anafunsa kolowera. Ndinangoloza ndi mlomo, mtima ukadali pabwalo la ndege.

Tinafika pamudzi wa nyumba zosasuka. Kunena zoona sindinauzindikire, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti nkhungu imasintha malo (nanga ndikanavomera bwanji pamaso pa alendo kuti ndasokera kwathu komwe?). Ndinawauza kuti kumeneku ndi kumunsi kwa mudzi womwewo. Anthu ake ankalankhula Chinyanja chathu chomwechi, a Phiri ndi a Banda omwewa. Tinagawa mabulangeti onse. Amayi anavina, ine n'kulankhulapo mawu okoma ndithu okhudza kugwirizana kwa mabungwe.

Kenako nkhungu inayamba kunyamuka pang'onopang'ono. Linaoneka denga la sukulu, kenako mlongoti, kenako mbendera. Ndinafunafuna khasu ndi mfuti za pa mbendera yathu, osaziona. Panali dzuwa lotuluka.

"Aprofesolo," anatero mayi amene ankatsogolera ulendowo, motsitsa mawu, "kodi tili dziko liti?"

Tinali ku Malawi. Malire akunowa nthawi zina amangokhala kanjira pakati pa minda, ndipo mphepo ija inasasula mbali zonse. Bambo wina anatithokoza kwambiri, n'kuwonjezera kuti mabungwe akwawo anali atawapatsanso mabulangeti sabata yapitayo. Chinthu choti munthu wachivinira kale sungamulande. Pobwerera, kampweya kofunda kaja kankangonditulutsa thukuta. Ndinachita manyazi oopsa.

Kwa apongozi ndinapitako patapita masiku, mkazi wanga ali patsogolo. Mwa mwambo wathu ndinanjuta chapatali, iwo ali kuseri kwa nkhokwe. Nditasuzumira ndinaona afunda bulangeti latsopano, lofanana ndi amene tinagawa aja. Mtima unayamba kutsika.

"Uwauze bambowo asadandaule," anauza mwana wawo. "Andibwereka achemwali anga a ku Malawi. Akuti iwo ali nawo awiri. Chisanu chikatha ndikabweze."

Kuyambira tsiku limenelo, galimoto ikaima kundifunsa njira, ndimayankha mwaulemu kuti nanenso ndine mlendo.