Ndinayesa Buku Ngati Dengu la Tiyi

Chinali chaka cha 2022, ine ndili ndi zaka 73. Nkhaniyi sindiikonda. Ndikuilemba chifukwa anthu ena akuifotokoza mokhotetsa pamsika, ndipo ngati ndiyenera kusekedwa, ndisekedwe pa zoona.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma yakale, osati ya masiku ano. Ku esiteti ya tiyi ndinagwira ntchito zaka 34, makumi awiri mwa izo ndili kapitawo. Chingerezi changa ndinachinolera pamaso pa azungu enieni, ndipo palibe anandiuzapo kuti ndibwereze. Nditapuma ntchito, anthu kuno kwa Nchilamwela ankabwera ndi makalata awo kwa ine: a kuchipatala, a penshoni, a ana awo a ku Joni. N'chifukwa chake anandisankha katatu konse kukhala wapampando wa komiti ya sukulu.

Chaka chimenecho sukulu yathu inalandira makatoni a mabuku akale ochokera kunja. Mayi Mhango, mphunzitsi wa Sitandade 8 wochokera kumpoto, anati titsegulire laibulale pa msonkhano wa makolo, tsiku lomwelo losankha komiti yatsopano. Anatinso akuluakulu awiri atenge aliyense buku lake, awerenge, adzauze ana zimene zili m'katimo ndi kugamula ngati ndi labwino. Woyamba ine. Wachiwiri a Namakhwa, amene anali kalaliki wa pa sikelo, ndipo mpando wanga ankaufuna kuyambira kalekale (munthu woti moyo wake wonse anangokhala pamthunzi kulemba makilo a anzake).

A Namakhwa anatola kabuku kopyapyala ka chithunzi cha galu pamwamba. Ine ndinapisa dzanja pansi pa katoni n'kuzula lonenepa kuposa onse. Chikuto linalibe. Wina anali atalikuta ndi pepala la khaki, ndipo masamba oyambirira anali atathothoka.

"Limenelo ndi lalikulutu, a Tcheya," anatero Mayi Mhango. "Masabata ndi atatu okha. Ndikusankhireni lina?"

"Mayi, ine ndinayamba kuwerenga Chingerezi inu musanabadwe."

"Zoona a Tcheya, koma ndimati ndingokufotokozerani kuti bukuli..."

"Ndidzakufotokozerani ndine."

(Ndikanati nditseke pakamwa kanthawi kochepa pamenepo, bwenzi lero ndikuyenda pamsika ngati munthu.)

Sabata yoyamba ndinawerenga masamba asanu ndi anayi. Ndinakwiya. Chingerezi cha ku esiteti chimanena zinthu: wachedwa, bwerera, ubwere mawa. Cha m'bukuli chinkangozungulira ngati galu wofuna pogona. Wolembayo anatha masamba awiri athunthu kufotokoza mvula ikugwa pa windo. Akuuza ine za mvula, munthu woti ndaima m'chiperoni zaka 34! Ndikatsegula dikishonale yanga yomwe ndinagula ku Limbe kalelo, liwu limodzi linkanditumiza kwa linzake, linzakelo kwa lachitatu, ngati maofesi a pa Boma. Ndinayang'ana tsamba lomaliza: 412. Ndinawerengetsa. Pa liwiro limenelo ndikanamaliza chaka chinacho.

"Bambo a Esnati, bwezani bukulo," anatero akazi anga. "Tiyi wathu akudikira kudulira, inu mwangokhala pakhonde kutukwana pepala."

"Ndibweze kuti a Namakhwa amve?"

"Ndiye kafunseni a madamu aja."

"Ndikafunse mwana?"

Apa m'pamene nzeru ya ntchito inandibwerera. Kapitawo satsanula dengu lonse. Amapisa dzanja pamwamba, pakati, ndi pansi. Manja atatu amenewo amakuuza zonse: ngati munthu wathyola masamba awiri ndi kansonga, kapena wabisa masamba okhwima ndi timitengo pansi kuti dengu lilemere. Njira imeneyi sinandinamizepo. Ndinati buku nalo ndi dengu basi.

Pamwamba ndinali nditapisa kale. Panali mwamuna, dzina lake Harold, wogwira ntchito m'sitolo. Anayambana ndi bwana wake, anachotsedwa, ndipo anakwera sitima osatsanzika mkazi wake Margaret ndi ana awiri. Ndinapisa pakati, masamba khumi. Ndinapeza mwamuna wogwira ntchito padoko, dzina lake Peter, akufunsira mtsikana ndi kumuuza kuti chibadwire sanakondepo mkazi wina. Ndinapisa pansi, masamba khumi. Nkhalamba, dzina lake Jack, ikufa m'chipatala, mkazi wina wake ataigwira dzanja, abusa akuitama kuti inali yokhulupirika.

Ndinavula magalasi. Ndinaseka ndekha. Ndinati ndakugwira.

Achinyamata simungadziwe. Kale kunalibe zitupa izi mukuyenda nazo lero. Munthu akachotsedwa ntchito ku divishoni ino ya esiteti, ankangowoloka mtsinje, n'kukaima pamzere ku divishoni ina. "Dzina?" "Juliyo." Dzulo lake anali Afiki. Ine ndagwira ambiri otero. Wina anali ndi mayina anayi, ndinamuzindikira ndi chipsera cha pakhutu. Tsono munthu wachotsedwa ntchito, wakwera sitima, kenaka patsogolo ukupeza dzina lina, ntchito ina, mkazi wina. Pamafunika digiri pamenepo? Umboninso unalipo. Onse atatu ankamwa tiyi wa mkaka, onse atatu ankadandaula za mvula.

Chimene chinandipsetsa mtima si Harold ayi. Anthu otero alipo. Anali wolembayo. Anamusiya munthu ameneyu afe mwamtendere, pabedi la nsalu zoyera, abusa akumuyamikira. Za Margaret, ngakhale liwu limodzi. Ndinatenga mapepala anayi a fulusikapu n'kuwadzaza mbali zonse.

Ndinawafotokozera akazi anga. Anasiya kusola chimanga.

"Ana awiri! Nanga akwawo a Margaret sanapite kwa ankhoswe?"

"Bukuli silikunena."

"Mwawerenga lonse?"

"Ndaliyesa."

Sanafunsenso. M'mawa mwake nkhani inafika pamjigo. Pofika Lamlungu amayi a kutchalitchi ankandiimitsa panjira kufunsa ngati mkazi wachitatuyo ankadziwa. Ndinkati adzamvere kumsonkhano. (Msonkhano wa makolo umabwera anthu makumi atatu. Tsiku limenelo ena anaima m'mawindo.)

A Namakhwa anayamba. Galu anasochera, galu anapezeka, buku ndi labwino, ana awerenge. Anakhala pansi. Anthu anaomba m'manja mwaulemu chabe.

Ine ndinaimirira ndi jekete langa lakuda. Ndinayamba m'Chingerezi kuti adziwe amene akulankhula, kenaka ndinatsikira m'Chichewa kuti amve. Ndinamutenga Harold kuchokera m'sitolo mpaka pa sitima. Nditafika poti chibadwire sanakondepo mkazi wina, mayi wina kumbuyo anakuwa, "Amuna inu!" Nditafika pa abusa, nyumba yonse inang'ung'udza. Ndinagamula kuti buku limeneli likuphunzitsa ana kuti ukhoza kuthawa banja, kusintha dzina, n'kufa ngati woyera. Ndinati litsekeredwe m'kabati ya ahedi, ndipo komiti ilembere wolembayo kalata, ndilemba ndine. Manja anaombedwa mpaka malata analira. Ndinayang'ana a Namakhwa. Ankayang'ana nsapato zawo.

Mayi Mhango anayandikira n'kunong'ona. "A Tcheya, tingaonane kaye panja pang'ono?"

"Zapanja ayi," ndinatero mokweza. "Komiti yanga ilibe zobisa. Nenani pompano."

"Ndikupempha, a Tcheya."

"Pompano, mayi."

Anapuma. Anatenga bukulo pa tebulo. "Makolo, pepani. Bukuli si nkhani imodzi. Muli nkhani khumi ndi zinayi, iliyonse payokha, olemba akenso osiyana. Harold ndi wina, Peter ndi wina, Jack ndi wina. Sadziwana n'komwe."

"Onse amatero akagwidwa," ndinayankha.

Ena anaseka. Ndinkayesa akumuseka mayiyo. Iye sanaseke. Anayamba kutsegula masamba, akukweza bukulo m'mwamba. Apa mutu wa nkhani ndi dzina la wolemba. Patsogolo mutu wina, dzina lina. Patsogolonso wina. Dzanja langa linali litadutsa pakati pa mitu yonseyo osakhudza ndi umodzi womwe.

"Nanga Margaret?" anafunsa mayi anakuwa uja.

"Harold anatsika pa siteshoni yotsatira, mayi. Anabwerera kunyumba tsiku lomwelo, anapepesa. Nkhani yake imathera pamenepo, masamba atatu kuchokera pomwe pali chizindikiro cha a Tcheya."

Chizindikirocho chinali kansonga ka tiyi komwe ndinaika pomwe ndinalekeza. Anakakweza kuti aliyense akaone. Sindikudziwa chifukwa chake kunali kofunika kukakweza.

A Namakhwa anaimirira pang'onopang'ono, akumanga batani la jekete.

"Pepani a Tcheya, kafunso kakang'ono. Masamba onse pamodzi mwawerenga angati?"

Ine sindinama. "Makumi awiri ndi asanu ndi anayi."

"Mwa 412?"

"Kapitawo satsanula dengu lonse."

"Zoona, zoona," anatero akugwedeza mutu ngati akundivomereza. "Ndiye makalata a anthuwa mumawerenganso chomwecho?"

 Kenaka mayi wina wamasiye, yemwe ndamuthandiza zaka zambiri osalandira ngakhale dzira, anaimirira. "Kalata yanga ya penshoni ija munati akuti ndidikire. Munapisa pati, pamwamba kapena pakati?"

Nyumba inaphulika. Ana a Sitandade 8 anagwa m'mabenchi. Ndinamenya tebulo. Ndinati wolakwa ndi amene anathira masamba a anthu khumi ndi anayi m'dengu limodzi popanda tikiti, ku esiteti munthu wotero amachotsedwa tsiku lomwelo. Ndinati makalata ndimawerenga onse, mzere ndi mzere, ndipo Mulungu ndi mboni. Zinali zoona. Palibe anamva.

Chisankho chinali chokweza manja. Ahedi atatchula a Namakhwa, manja anadzuka ngati chimanga cha m'dimba. Atatchula ine, ndinawerenga asanu ndi awiri. La akazi anga linafika paphewa pokha, ndipo ahedi anachita kufunsa ngati akuvota kapena akukanda.

Pobwerera ndinayenda ndi akazi anga mpaka pa mlatho. Pamenepo anaima.

"Ine ndinalira chifukwa cha Margaret, bambo a Esnati. Pamjigo, anthu akuona. Chonsecho mwamuna wake ali m'nyumba akumwa tiyi."

Ndinapitiriza kuyenda. Mwamuna sayankha pa mlatho.

Bukulo ndinakalibwerekanso patapita mwezi, a Namakhwa atasaina ngati wapampando. Nkhani ya Harold ndinaimaliza, ndipo n'zoona anabwerera. Ya Peter ndili nayo pakati. Mayi Mhango akuti ndi munthu wabwino mpaka kumapeto. Tiona. Mwamuna wa zaka makumi anayi woti chibadwire sanakondepo mkazi, ine ku divishoni kwanga sindikanamulemba ntchito ndisanafunse komwe wachokera.

Zimene ndinataya ndi izi. Mpando umodzi, wa zaka zisanu ndi zinayi. Masabata atatu. Mapepala anayi a fulusikapu, omwe akazi anga anayatsira moto. Mizere khumi ndi iwiri ya tiyi yomwe ndinadulira mochedwa, ndipo inaphuka mochedwa. Ndi makalata. Chichokereni tsiku limenelo afika awiri okha, ndipo eni ake onse awiri anakana mpando, anaima pambali panga, chala chili pa pepala, kutsatira mzere uliwonse mpaka pa siginecha.