Kiyi wa Mfuti ya Mkamwini Wanga

Ndisanayambe n'komwe ndilumbire. Pali manda a mayi anga amene anagona ku Neno uko, ngati m'nkhani ino muli liwu limodzi labodza, mano anayi amene anditsalirawa agwere m'phala lero lomwe! Ndi nkhani yamanyazi, yoti munthu wamkulu ngati ine sindikanayenera kuiulula. Koma poti kumapeto kwake ndinatuluka ngwazi, imvani.

Ine ndine Jekapu Kamwendo, mlenje. Sukulu ndinangoiona mazenera, koma mfuti ndinaiphunzira mpaka kumapeto. Mfuti yanga ya gogodera ija, nguluwe zikangomva fungo la onga wake zinkayamba kutsanzikana. Tsiku lina ndi chipolopolo chimodzi ndinagwetsa nguluwe zitatu ndi nkhanga imene inkangodutsa ulendo wake. Mboni zonse zinamwalira, koma zinalipo.

M'zaka za m'ma 2000 mwana wanga Esinati, amene ndi nesi, ananditengera ku London kuti madokotala akaone bondo langali. Ankakhala pa flat ku Ilford ndi amuna ake a Zulu, Mzambia wa ku Chipata, makaniko wa mabasi. Mkamwini wabwino, waulemu, koma anali ndi nthenda imodzi. Loweruka lililonse ankapita ku club kunja kwa tauni kukawombera timbale tadothi timene makina amaponya m'mwamba. Timbale! Munthu kutha zipolopolo tsiku lonse n'kubwera kunyumba wopanda ngakhale mwendo wa njiwa.

Mfuti yawoyo, shotgun ya mipope iwiri, ndinaiona kamodzi kokha ku club komweko. Panyumba sinkaoneka.

"Nanga kam'chiuno kaja mulibe, mkamwini?" ndinawafunsa.

"Tata, kuno ka pistol ni jele straight," anatero a Zulu. "Na iyi shotgun ili na certificate. Ifunika kunkala mu cabinet yansimbi, yokiya."

Komwe kunali cabinet sanandiuze. Koma mlenje sabisiridwa! M'mawa uliwonse ndinkawaona akutenga kakiyi pamwamba pa firiji, n'kutsegula kachitseko ka mu corridor, n'kulowetsamo mutu. Kenako ndinkamva khethe! khethe! khethe! Ndinati mumtima: ehee, mkamwini akuyesa chida chake ngati chikugwira.

Tsiku lina tikudya, a Zulu anati, "Tata, mailo kuzabwera officer wa firearms wa ku police. Certificate yanga isila, ifunika renew, so afuna kuona cabinet. Akapeza kanthu kamozi chabe wrong, mfuti yayenda. Imwe muzankala chabe mu sitting room, muzimwa tea."

Ndinamva kukoma. Mwanayu ankandipatsa mpando wa mkulu wa pakhomo, wolandira boma.

M'mawa mwake ndinavala suti. A Zulu anathamangira kaye kuntchito, ndipo pobwerera sitima inawaimira panjira. Teni koloko ndendende belu linalira. Analowa mzungu wadazi, wamagalasi, folder m'khwapa. Esinati anali atangoweruka kuchipatala, maso ali psu ndi tulo. Anamupatsa mpando ndi tiyi.

Chizungu musandiderere. Ndinalondera sitolo ya Mgiriki ku Limbe zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye chilichonse chimene ankalankhula ndinkachimva mpaka mafupa ake.

Mzungu uja anamwetulira n'kufunsa Esinati ngati akudziwa kumene amuna ake amasunga kiyi wa cabinet.

"No idea," anatero mwana wanga. "Sindidziwa ngakhale pang'ono."

Mzungu anagwedeza mutu n'kulemba.

Magazi anga anawira. Manyazi otani! Boma lalowa m'nyumba, lafunsa za mfuti, banja lonse n'kumati silidziwa? Kwathu mfuti imakhala pamwamba pa chitseko, ndipo mkulu wa pakhomo amadziwa onga uli pati, zipolopolo zili pati. Ndinaoneratu kuti mzunguyu akulemba kuti nyumba ino ilibe mutu, ndipo mkamwini wanga alandidwa chida.

Ndinadzambatuka. Bondo lija linachira pomwepo.

"Bwana! Me, I know!"

"Adadi, khalani pansi," anatero Esinati.

Mzungu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Do you, sir?" Ndiye anafunsa ngati ndinaigwirapo mfutiyo.

Apa ndinaona kuti ndiwonjezere kamchere, kuti boma lidziwe kuti chida chili m'manja mwa katswiri.

"Every day, bwana! I clean. Cooking oil. Chicken feather!"

Ndinamuonetsa ndi manja mmene nthenga ya nkhuku imalowera mumpope, n'kuzungulira, n'kutuluka.

"Akunena mfuti yawo ya ku Malawi," Esinati anamuuza mzunguyo msangamsanga. "Ya kalekale. Ndi okalamba awa."

"No Malawi!" ndinakuwa. "Here! Ilford!"

Cholembera cha mzungu chinayamba kuthamanga ngati gwape. Ine ndinati ehee, mamakisi akukwera.

Esinati anandiponda phazi n'kulankhula mano ali okukuta. "Adadi, chonde! Lamulo la kuno silola munthu wopanda certificate kudziwa pamene pali kiyi. Ngakhale ine mkazi wawo! Funso lija linali msampha. Muwalanditsa mfuti bambo a kunyumba kuno!"

Ndinaseka. Lamulo loti munthu asadziwe? Chibadwire changa boma limamanga munthu chifukwa chosadziwa, osati chifukwa chodziwa. Ndinati mwanayu ntchito yamusokoneza mutu.

"Iwe kagone," ndinamuuza. "Izi n'za amuna."

Mzungu uja kumwetulira kunali kutatha. Anaika kapu pansi, anaimirira, n'kuti, "Show me."

Ndinalowa kukhitchini, ndinapisa dzanja pamwamba pa firiji, n'kutuluka nditanyamula kakiyi kaja m'mwamba ngati mchira wa mkango. Ndinayenda patsogolo, boma pambuyo panga, Esinati kumapeto manja ali kumutu ngati akuperekeza maliro.

Titafika pa kachitseko ka mu corridor ndinatambasula dzanja.

"Bwana, stand far. This one, dangerous."

Ndinalowetsa kiyi. Ndinapotokola. Chitseko chinatseguka.

Munali chibokosi choyera, mapaipi anayi ndi tsache.

Wina akanagonja pomwepo. Ine ayi. Ndinati mkamwini ndi wochenjera, waibisa kumbuyo. Ndinapisa dzanja n'kugwira chinthu chachitali, chozungulira, chachitsulo. Ndinati ndi mpope wa mfutiwo. Abale, chinali chotentha ngati ng'anjo!

"Mayo ine!"

Pothawitsa dzanja chigongono chinakankha kabatani. Khethe! khethe! khethe! Kenako chibokosi chonse chinangoti buuu!

Mlenje weniweni saganiza kawiri. Ndinadzigwetsa chafufumimba pa kapeti, suti ndi tayi zomwe, n'kukuwa, "Down, bwana! Down!"

Palibe anagona. Ndinangoona nsapato za mzungu zili chiimire pafupi ndi mphuno yanga.

"Ameneyu ndi boiler, adadi," anatero Esinati ndi mawu otopa. "Wotenthetsa madzi amene mwasamba m'mawa uja."

Nthawi yomweyo chitseko cha panja chinatseguka, a Zulu n'kulowa ali wefuwefu, n'kupeza apongozi awo atagona pansi pamaso pa boma.

"Tata! Mwagwa?"

"Sindinagwe," ndinayankha. "Ndikuona ngati pansi pano palibe chinyezi."

Mzungu anawafotokozera zonse, kuyambira nthenga ya nkhuku. A Zulu nkhope inachita phulusa. Anapisa m'malaya n'kutulutsa kiyi weniweni amene anali pa tcheni m'khosi mwawo.

"Officer, iyi key siichoka pa ine. Uja boiler avuta, every morning nimamuyasha na manja. That's all!"

Koma mzungu anali asanakhutire. Munthu amene walumbira kuti amapukuta mfuti tsiku ndi tsiku sungangomusiya. Anafunsa kumene kuli cabinet, a Zulu n'kuloza kuchipinda kwawo. Ndiye anatembenukira kwa ine, n'kunditsegulira chitseko chija, n'kuti nditsogole.

Ndinalumpha chambuyo mpaka kugunda khoma.

"Ine? Kuchipinda kwa mwana wanga? Kumene amagona ndi amuna ake? Bwana, no! Never! Kill me here!"

Ndinatembenuka n'kuyang'ana kukhoma kuti ngakhale mwendo wa bedi ndisauone.

Mzungu anadabwa. Esinati anamufotokozera kuti kwathu bambo saponda m'chipinda cha mwana wake wokwatiwa, ngakhale mutayaka moto. Amaima panja n'kumaitana anthu.

"Ndiye chifukwa cabinet ninaika muja mu wardrobe," anatero a Zulu. "Four months ali kuno, sanapiteko na pa door."

Mzungu anayang'ana ine, anayang'ana boiler, anayang'ananso ine. Kenako anaphulika. Anaseka mpaka kuvula magalasi n'kukhala pa mkono wa mpando. Analowa ndi a Zulu, anagwedeza cabinet, anaona nambala ya mfuti, n'kutuluka akupukutabe misozi. Potsanzika anandigwira chanza, dzanja lopsa lomwelo, n'kunena kuti maloko waona ambiri pa ntchito yake, koma loko wolimba ngati apongozi sanamuonepo.

Patapita masabata ochepa certificate inafika pa positi. Zaka zisanu! A Zulu anandigulira chipewa chatsopano, ndipo kakiyi ka boiler anakasamutsa.

Tsono inu ganizani. Ndani anatsimikizira boma kuti m'nyumba muja mulibe wina wodziwa pamene pali mfuti? Ndi ine. Kusocheretsa mdani ndi nzeru yakale ya alenje: umamutsogolera kuphanga lopanda kanthu. Phunziro lake n'lakuti boma likafunsa amene akudziwa, dzanja lako likhale m'thumba, makamaka ngati pafupi pali paipi.

Nditaifotokoza nkhaniyi kutchalitchi ku Tottenham, a Chirwa, amene amasamalira nkhalamba ku care home, anakweza chala.

"Koma a Kamwendo, ngati munachita dala, n'chifukwa chiyani munagona pansi n'kumakuwa?"

Zamkutu! Munthu woti chibadwire sanaphepo ngakhale mbewa angadziwe chiyani za boiler wovulala?