Sampula ya Ankolo Linval

Kuno ku Tottenham ukafunsa za Ankolo Linval Pinnock, palibe amene amayamba ndi zoti anali katswiri wa nyimbo zovina za ng'oma zothamanga zotchedwa jungle. Aliyense amayamba ndi kuseka, kenako n'kunena kuti, "Aa, madala aja osazimitsa makina?" Kwa zaka khumi ndi chimodzi, dzinja ndi chilimwe, chibokosi chawo chotuwa chinkayaka pa tebulo la pafupi ndi zenera, m'nyumba mwawo pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi. Kagetsi kake kobiriwira kankaoneka ngakhale uli pansi podikirira basi.

Chibokosicho chinali sampula, ija yakalekale, yomwe imameza kachidutswa ka mawu n'kumakalavula nthawi iliyonse ukadina batani. Mimba yake inali yochepa, masekondi owerengeka basi yakhuta. Ndipo ikangozima, zonse zimene yameza zimafufutika, pokhapokha utazisunga pa kadisiki. M'menemo ndi momwe munali ng'oma zawo zotchuka zija, zimene anaziduladula okha n'kuzithamangitsa mpaka achinyamata a nthawi imeneyo ankavina ngati aponda moto.

Furiji ankatha kuizimitsa, wailesi yakanema anapatsa anthu, koma sampula ayi. Pansi pa tebulo anaikapo mabatire awiri akuluakulu oti azigwirizira magetsi akathima. Tsiku lina kunabwera munthu wodzayendera mawaya a m'nyumba zonse za m'chinyumbacho. Anapeza Ankolo atakhala pampando kutsogolo kwa soketi, ndodo yomenyera mpira wa kiriketi ili pamiyendo.

"Bambo, ndizula zonsezi kwa mphindi ziwiri zokha," anatero wa mawayayo.

"Iweyo ungasiye kupuma kwa mphindi ziwiri?"

"Mwina ndingathe."

"Yamba iweyo, ine ndikuwerengera. Ukapulumuka tikambirana."

Munthu uja analemba pa pepala lake kuti m'nyumbamo sanapezemo munthu.

Ukawafunsa chifukwa chake, yankho linali lokonzeratu. Ankati makina akale ali ngati mphika wa mchira wa ng'ombe: ukakhalitsa pamoto ndi pamene umakoma. Ife tinkangovomera, chifukwa kutsutsana ndi Ankolo kunkafuna munthu amene wadya kale ndipo alibe kopita.

Munthu wotero analipo mmodzi, Bernice Quarshie, mwini kasitolo ka malekodi kutsidya kwa msewu. Iyeyu anakulira pa nyimbo za Ankolo, koma zake ankapangira pa kompyuta ya m'manja. Loweruka lililonse masana mtsutso unkabuka m'sitolomo, mwakuti ena ankabwera popanda choti agule, kungodzamvera.

"Ng'oma zakozo n'zoyera ngati mbale ya m'chipatala," Ankolo ankatero. "Zanga zili ndi mchenga, zili ndi mafuta. Zikamenya, nthiti zimayankha."

"Ankolo, pulogalamu yangayi ili ndi batani lothira mchenga womwewo."

"Mchenga wa batani! Mawa udzandiuza kuti muli batani lothira thukuta. Chikomekome cha mkuyu, mwana iwe, m'kati muli nyerere."

"Nanga yanuyo, imene imakhuta masekondi khumi ngati khanda?"

"N'chifukwa chake ndimasankha choidyetsa. Yakoyo imangomeza zilizonse ngati mbuzi ya mumsika."

Zitafika povuta, Cleveland wometa tsitsi anati nkhaniyi iweruzidwe. Popeza sampula sinkayenda, bwalo ndi limene linapita kwa sampula. Tinakwera masitepe anthu khumi ndi awiri, chikepe chitafa monga mwa masiku onse. Bernice anadula ng'oma za pa lekodi yomweyo imene Ankolo anadulapo zawo, n'kuziika mu kompyuta. Ankolo tinawamanga kumaso ndi kansalu kopukutira mbale, kuti atiuze ndi makutu okha kuti izi zikuchokera kuti.

Bernice anayamba kuliza za mu kompyuta. Ankolo anadzambatuka pampando, manja m'mwamba.

"Eyaa! Mwamva zimenezo? Ameneyo ndiye mwana wanga! Mafuta okhaokha!"

Kenako Cleveland anadina batani la sampula.

"Chotsani, chotsani! Zikumveka ngati supuni m'chitini chopanda kanthu. Bernice, suchita manyazi?"

Tinawamasula kansalu kaja. Ankolo anayang'ana chala cha Cleveland chomwe chinali chidakali pa batani, anayang'ana Bernice, kenako anakonza kolala ya malaya awo.

"Ndimafuna ndione ngati muli anthu oona mtima," anatero. "Mwakhoza nonse. Komanso kansalu aka kanatseka khutu langa labwino."

Tinatsika masitepe tikugwirana, nthiti zikuwawa ndi phwete. Bernice yekha ndi amene anatsalira, akupinda zingwe zake. Powerama, chigongono chake chinagunda batani lina lakumapeto, lomwe linali lomatidwa ndi tepi yofiira. M'masipika munatuluka mawu a mzimayi, okalipa koma oseka m'kati.

"Linval! Tsitsa phokosolo, mpunga ukuzizira!"

Bernice anawadziwa mawuwo. Anali a Anti Verna, akazi awo a Ankolo, omwe anamwalira kalekale. Ankolo anakhala pansi mwapang'onopang'ono.

"Ndinkajambula kulira kwa chivundikiro cha poto," anatero pomaliza. "Iye n'kutsegula chitseko, maikolofoni ili yoyaka. Ndinati ndimusunga mawa, ndidzamuseke nazo. Mawa lakelo polowetsa disiki panafa. Miyezi itatu isanathe, mwini mawu anapita."

"Ankolo, nanga zija za mphika wa mchira wa ng'ombe?"

"Munthu ukamachita zamisala umafunika chifukwa chomveka."

"Ndipatseni mphindi imodzi yokha. Ndilumikiza chingwe, mawuwa alowa mu kompyuta, basi asungika."

Ankolo anakana kwamtuwagalu. "Ukamukopera ndidzayamba ulesi. Tsiku lina ndidzati, aa, ali kwa Bernice, n'kuzimitsa. Pano m'mawa uliwonse ndimadzuka n'kuona ngati akadalipo. Zaka zonse zimene anali moyo ndinkamuyankha kuti dikira. Tsopano ndi nthawi yanga yomusamalira."

Kuyambira tsiku limenelo Bernice anasenza katundu amene sanamupemphe. Magetsi akangophethira m'sitolo mwake, ankathamangira panja kukayang'ana kagetsi kobiriwira kaja. Chingwe ankayenda nacho m'chikwama, ndipo Loweruka lililonse mtsutso ukatha ankachionetsa pang'ono. Ankolo ankangomuloza ndi chala n'kunena kuti, "Njoka yakoyo ikhale m'thumba momwemo."

Ankolo anatisiya mu February, masana, atakhala pampando wawo uja. Anali atadwala miyezi ingapo, koma kuchipatala ankakana kugonako, ndipo madokotala anatopa nawo. Maliro atatha, mwana wawo Althea anabwera kuchokera ku Leeds kudzalongedza katundu. Makiyi a nyumba ankafunika kubwezedwa Lachisanu, ndipo sampula inayenera kuchoka pa soketi, ifune isafune.

Bernice anakwera masitepe Lachinayi m'mawa, kompyuta kukhwapa, Cleveland, yemwe anali atamuuza chinsinsi chija, akupuma wefuwefu pambuyo pake. Anapeza Althea atagwada pansi pa tebulo, mabatire atawachotsa kale, dzanja lili pa pulagi.

"Usazule!" anakuwa onse awiri, mpaka Althea anagunda mutu ku tebulo.

"Nanunso mwayamba?" anatero Althea akudzisisita. "Chibokosi ichi chinandilanda bambo. Ukwati wanga unachitikira ku Jamaica, iwo anakana kukwera ndege, ati alibe womusiyira makina. Ndinaperekezedwa ndi amalume. Lero ndikachitaya ndekha."

"Achemwali, ndipatseni mphindi imodzi," anatero Bernice. "Ndakhala ndikuipempha zaka zinayi."

Bernice analumikiza chingwe chija. Anayang'ana kumwamba n'kunong'ona kuti, "Pepani Ankolo, njoka yatuluka." Kenako anadina batani la tepi yofiira.

"Linval! Tsitsa phokosolo, mpunga ukuzizira!"

Althea anakhala pansi pomwepo, pakati pa makatoni. Sanalire msanga. Anangoti, "Bwerezani." Bernice anabwereza. Kachitatu misozi inatsika, koma akuseka, chifukwa mayi ake ankakuwa choncho tsiku lililonse la ubwana wake, ndipo iye anali ataiwala mmene mawuwo ankakwerera pa dzina la bambo ake.

"Bwanji sanandiuze?" anafunsa.

"Ankaopa kuti muwauza zanzeru," anayankha Cleveland.

Mawu a Anti Verna atalowa bwinobwino mu kompyuta, Bernice anati apulumutsenso ng'oma zotchuka zija. Anadina batani lake, akuyembekeza kuti zenera linjenjemera. Ng'oma kunalibe. Mimba ya sampula ndi yochepa, ndipo kuti muikemo china chatsopano muyenera kutaya chakale. Ankolo anali atafufuta ng'oma zimene anazinyadira zaka makumi atatu, kuti apeze malo a masekondi anayi. M'masipika munamveka kutsokomola, kenako mawu awo, otopa koma a nthabwala ngati kale.

"Ndamva, Verna, ndikubwera. Ndingozimitsa makinawa."

Cleveland, bambo wamkulu wa ndevu zake, anapita kukayang'ana panja pa zenera kwa nthawi yaitali. Bernice anakopera mawuwonso, n'kuwamvetsera kawiri kuti atsimikize kuti alowa. Kenako anadina mabatani awiriwo motsatizana, mayi kuitana, bambo kuyankha, ndipo zinamveka ngati ali kuseri kwa chitseko cha khitchini.

"Muzimitse ndinu, achemwali," anatero Bernice.

Althea anapukuta m'maso, anasisita chibokosi chija pamwamba ngati mutu wa mwana, n'kudina swichi. Kaphokoso kakang'ono kamene tonse tinali titasiya kukamva kanaleka.

Masiku ano ukaima podikirira basi, maso amapita okha pa zenera lija, ndipo pali makatani a anthu ena. Loweruka masana m'sitolo mwa Bernice mumakhala bata losazolowereka, moti Cleveland nthawi zina amalowa n'kunyoza kompyuta mwadala, koma sazitha, amathera pakati. Timawasowa madala aja, tisanamizane.

Sampula Althea sanakaitaye. Anamusiyira Bernice, yemwe anapeza munthu wokonza polowetsa disiki paja, ndipo tsopano ili pa kauntala pafupi ndi kompyuta, ikudya ng'oma zatsopano. Nyimbo yoyamba imene anapanga pa ziwirizi ili ndi mawu a Anti Verna ndi yankho la Ankolo pamene ng'oma zimadukira. Itaimbidwa pa chisangalalo cha m'paki chilimwe chathachi, anthu amene sanawaonepo n'komwe awiriwa ankakuwa limodzi kuti mpunga ukuzizira, Althea akuvina patsogolo ndi ana ake.

Sabata yatha mtsikana wina wopanga nyimbo analowa m'sitolomo, anamvetsera, n'kunena kuti mchenga umenewo pa foni yake pali batani lake.

"Mchenga wa batani!" anatero Bernice, asanadziwe n'komwe kuti pakamwa pake patseguka.

Madzulo akamatseka sitolo amasunga zonse pa disiki, n'kuzimitsa sampula ndi dzanja lake. Amati Ankolo anachedwa kudya zaka khumi ndi chimodzi, iye safuna kupeza mpunga utazizira.