Kompyuta Inanditulutsira Lilime

Mpaka lero ndikaona kompyuta ikuchita zinthu payokha ndimayamba ndasunthira mpando kumbuyo. Ana anga amaseka, koma iwo kunalibe mu 1999.

Chaka chimenecho ndinkagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yoyendetsa alendo, kufupi ndi bwalo la ndege la Mfuwe. Ntchito yanga inali kulandira mabukingi. Abwana, Mayi Zulu, anali atangotilumikizira intaneti ya pa waya wa foni, ija inkalira ngati mwaponda mwana wa mphaka isanagwire. Anati ndi ya makalata a alendo basi. Ine ndinavomera ndi mtima wonse (panthawiyo ndinali ndisanadziwe kuti mulinso drafuti).

Drafuti ndinaphunzira kwa bambo anga, amene anali sikauti wa nyama ku Malama, ndipo kwathu palibe ankandigonjetsa. Ndiye nditapeza malo pa intaneti pomwe anthu a m'mayiko osiyanasiyana ankasewera, lanchi yanga inathera pomwepo. Panali wina wodzitcha Kaputeni. Ndinamudya masiku angapo motsatizana, iye n'kumangoyamikira mwaulemu. Tsiku lina analemba m'Chingerezi kuti munthu wanzeru ngati ine akuyenera masewera ovutirapo, ndipo ananditumizira kafayilo ngati mphatso.

Munthu wanzeru ngati ine! Ndinakatsegula nthawi yomweyo. Munali kasewero kachibwana komenya tinyama pamutu. Ndinasewera pang'ono, ndinatopa nako, ndinaiwala.

M'mawa mwake, intaneti itangogwira, kathireyi koikapo ma CD kanatuluka kokha. Ndinakabweza. Kanatulukanso. Kachitatu kanagunda kapu yanga ya tiyi, tiyi yense pa siketi. Kenako kamuvi ka mausi kanayamba kuyenda kokha pa sikirini, manja anga ali pachifuwa.

Ndinathamangira panja. Pamthunzi panali a Sakala, dalaivala wathu, amenenso anali mkulu wa mpingo.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Nanga siketiyo?"

"Siyani za siketi, a Sakala. Bwerani muone. Chinthu chija chikunditulutsira lilime."

Analowa, anavula chipewa, nayang'anitsitsa kompyuta ija kwa kanthawi. Inali phee, ngati mwana wabwino.

"Mwina ndi kutentha," iwo anatero. "Okutobala uno ngakhale galimoto imachita misala."

Asanatseke pakamwa, pa sikirini panatuluka mawu akuti HELLO. A Sakala anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati.

"Pali amene munayambana naye kwanu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Palibe."

"Ganizani bwino. Ntchito ya mu ofesi anthu amachita nayo nsanje."

Ndinaganiza bwino, ndipo ndinapeza anthu anayi (mmodzi anali mlamu wanga, Mulungu andikhululukire). A Sakala anati tigwade. Anapemphera mwamphamvu, dzanja limodzi lili pamwamba pa sikirini. Atangoti "Ameni", kathireyi kaja kanatuluka n'kuwagunda pamimba.

Mayi Zulu anatipeza choncho: ine chogwada, siketi yonyowa, a Sakala atakwera pampando. Kumbuyo kwa Mayi Zulu kunali alendo awiri achizungu amene anali atangotsika ndege. Mmodzi anafunsa ngati umenewu unali mwambo wa kuno wolandirira alendo.

Mayi Zulu anangotidutsa. Anazula waya wa foni kukhoma, ndipo chiwanda chinatha pomwepo.

Katswiri wa makompyuta anabwera kuchokera ku Chipata patapita masiku awiri, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anafufuza pang'ono n'kundiyang'ana.

"Asisi, munatsegula chiyani?"

"Makalata a alendo okha."

"Alendo ake amatumiza kasewero komenya tinyama?"

Anafotokoza kuti m'kati mwa kasewero kaja munabisala pulogalamu ina yotsegulira munthu wakutali khomo. Intaneti ikagwira, iye ankatha kuona zonse zimene ndinkalemba, pasiwedi yathu, mayina a alendo, n'kumayendetsa kompyuta ngati wakhala pampando wanga. Apa m'pamene kuseka kunandithera. Alendo athu anatipatsa zinsinsi zawo potikhulupirira, ine n'kuzipereka kwa munthu chifukwa choti wanditcha wanzeru.

Katswiri uja anafufuta zonse n'kuyambanso. Tinasintha pasiwedi, Mayi Zulu anadziwitsa alendo, ndipo mwamwayi palibe anadandaula kuti waberedwa kanthu. Mabukingi ndinawalembanso ndekha kuchokera pa mafakisi, sabata yathunthu. Ntchito sanandichotse. Mayi Zulu anangoti, "Mwana wanga, mphatso ya munthu amene sunamuonepo nkhope, uzindifunsa kaye." Kwa mlamu wanga ndinapititsa nkhuku, ndipo mpaka pano sadziwa chifukwa chake.

Patapita mwezi Mayi Zulu anandilola kusewera pa lanchi, bola ndisatsegule chilichonse. Tsiku loyamba lomwelo, Kaputeni uja anatulukira. Anandilonjera ngati palibe chinachitika, n'kutumiza kafayilo kena, ati aka ndiye kabwino zedi.

Sindinakatsegule, ngakhale chala chinayabwa ndithu. Ndikudziwa kuti munthu wanzeru akanangomutsekera kunja osamuyankha. Ine ndinamuuza kuti tiyale kaye drafuti, ndipo ndinamudya katatu, osamusiyira ngakhale kingi imodzi.