Mlatho wa a Fanuelo

Kwathu kwa Mwambo aliyense ankadziwa kuti a Fanuelo saponda msewu. Ankati ku Joni, komwe anagwira ntchito m'migodi, anaona msewu ukudya anthu, ndipo anaonanso kuti ochenjera amaudumpha pamlatho. Atabwerako anadula mabulugamu n'kumanga wawo pafupi ndi sukulu, pamsewu wafumbi wopita kunyanja, pomwe galimoto zinkadutsa mwina ziwiri patsiku.

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, poti pansi pake panalibe madzi ngakhale dontho. Zoyamba kukwerapo zinali mbuzi. Sumaili, dalaivala wa lole ya matemba, anaugumula kawiri ndi madengu ake, madalawo n'kumangoukweza, mpaka wokwerapo ankaona chilumba cha Chisi. Akazi a Fanuelo ankadandaula kuti akawatuma kukapala moto tsidya la msewu, moto umafika utazima.

Ana aang'ono ankaopa kukwera. Choncho nthawi yoweruka a Fanuelo ankaima pamwambapo ndi wezulo ndi nsungwi yaitali, n'kuimitsa chilichonse, njinga ndi ngolo zomwe, mpaka mwana womaliza awoloke.

Tsiku lina mu 1974 kunatulukira galimoto yakuda ya wamkulu wina wopita kumsonkhano. Apanjinga anatsika, ife tinapatukira m'udzu. A Fanuelo analiza wezulo n'kutsitsa nsungwi yawo yaitali kutseka msewu. Galimoto inaimadi, ana khumi ndi awiri n'kuwoloka, wanga ali pomwepo. Galasi linatsika pang'ono, wina m'katimo n'kufunsa dzina.

"Fanuelo Makwinja, bwana," anayankha ali pamwamba pomwepo. "Pobwerera muchepetse liwiro, pano pali ana."

Palibe anaseka. Patatha masiku atatu kunabwera landirova n'kuima tsidya linalo, anyamata awiri a boma n'kuwakodola a Fanuelo. Iwo anavala jekete, anakwera mlatho wawo pang'onopang'ono n'kukatsikira uko, anyamatawo akudikira. Kunali kuwaona komaliza, ndipo masiku ano munthu sufunsa.

Mlatho uja chiswe chikudya. Palibe wayerekeza kuukonza, ngakhale kutolapo nkhuni. Malole achuluka, ndipo akuthamanga. Ndimawasowa madala aja, ndipo ndimachita manyazi kuti ndinaseka nawo. Belu loweruka likalira, amayife timaweramuka mumpunga n'kutchera khutu kumsewu, poti woti n'kukweza dzanja kuimitsa galimoto kuno kulibenso.