Sefa ya Tinyade ndi Minsi Iwiri

Usiku wathawu ndinalota zoopsa, Nangozo, taimani kaye kusinjako mumve. Tinyade wanga, uja akuphunzira zamagetsi ku Blantyre, lero teni koloko akuonetsa aphunzitsi kachipangizo kamene wapanga. Akakakana, abwereza chaka. Lamlungu anandifotokozera pa foni. Akuti makina akamatumizirana uthenga pa waya, wolandirayo amayenera kugwira yekha kagundidwe ka mnzakeyo. Tsono kugundako kumafika kukunjenjemera, komanso pena kumathamanga, pena kumachedwa. Kachipangizoko kakamvera chilichonse, nako kamanjenjemera. Kakatseka khutu, kamatsalira. Ine ndinati, “Iwe, bwanji osangogula kabwino?” Anangoseka.

Ndiye kulotako ndinapezeka m'kalasi mwawo masanasana. Pakati pa kalasi pali mtondo wanga uja wong'aluka kukamwa. Kusuzumiramo, Tinyade ali momwemo, wachepa ngati chala, wakumbatira kachipangizo kake kobiriwira. Kachipangizoko kanati, “Amayi, mwachedwa. Gwirani munsi.”

Mbali inayo kunali munsi wina wopanda mwini, ukukwera ndi kutsika wokha pa waya wochokera kudenga. Mphunzitsi wa taye yofiira anati, “Musinja awiri mtondo umodzi. Uwo ukakwera, inu tsitsani. Minsi ikagundana, mwana wabwereza.”

“Mukhululuke katatu,” ndinatero.

“Ngakhale kamodzi ayi.”

“Bambo, munsi wanuwo ndi woledzera, ndauona. Kawiri, apo ayi ndinyamula mtondo wanga.”

Anavomera kawiri.

Mwadzidzidzi anasanduka gologolo, taye ikadali m'khosi. Anandivundikira kumutu sefa ya mabowo olowa chibakera. “Imvani zonse, mayi! Munsi uwo ukagwedera, gwederani!” Ndiye ndinamvadi zonse: ntchentche, chifuwa cha mlonda panja, waya uja kunthunthumira. Chilichonse chikalira, manja anga dzidzimu. Ndinasinja ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Kho! Minsi yagundana.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wina, mayi wa magalasi, akuyenda akusanduka nanzikambe. Anamata mabowo aja ndi malovu mpaka sefa inakhala ngati nsalu. “Musamve kanthu,” anatero, mawu amodzi lero ena mawa. “Sinjani mmene munayambira.” Kunagwa bata lokoma, manja anakhazikika. Osadziwa kuti munsi winawo ukuwonjezera liwiro pang'onopang'ono. Ine ndinamva mochedwa, ngati uthenga wa maliro a kutali. Kho!

“Amayi, zokhululukidwa zatha!” Tinyade analira, kamawu ngati ka udzudzu.

Mwadzidzidzi kalasi yonse inali pamwamba pa lole yotsetsereka ku Zalewa, mabuleki palibe. Gologolo akukoka sefa uku, nanzikambe uku, mutu wanga uli mkati. Thukuta kamukamu, munsi ukuterera m'manja. Ndiye sefayo inayankhula.

“Mukukanganirana ine osandifunsa. Ndikatsekula, gaga alowa. Ndikatseka, ufa uchedwa.”

“Ndikufuna ufa wopanda gaga, pompano,” ndinatero.

“Ulibe.”

“Kwa ena ulipo.”

“Pitani kwa enawo.”

Nangozo, ine pamsika palibe anandiyankhapo choncho. Ndinafuna kuipondaponda, koma mwana ali m'mtondo. Ndiye ndinakumbukira mmene tinkakonolera ndi malemu mlamu wanga Nachanza. Poyamba ndinkayang'anitsitsa munsi wake kugunda kulikonse. Tikagwirizana ndinkachotsa maso, n'kumangomvera mpweya wake. Akatsokomola sindinkasintha, koma akayamba kutopa ndinkatopa naye.

Ndinaiuza sefayo, “Tamvera. Tsekula kaye ndiumve munsi uwo, ndiugwire kagundidwe. Ndikaugwira uzitseka pang'onopang'ono, koma undisiyire kampata koti ndiumve ukamathamanga.”

“Kagaga pang'ono kalowabe.”

“Kalowe. Tidya.”

“Ndipo muzitsalirabe pang'ono.”

“Bola isagundane. Fulumira!”

Inatsekula ikung'ung'udza. Thi, uwo. Thi, wanga. Mabowo anayamba kuchepa. Ntchentche inalira, ine osatekeseka. Munsi uja unawonjezera liwiro, ine ndinautsata. Tinyade anayamba kukula, mutu unatulukira kukamwa kwa mtondo, kenako mapewa. Gologolo ndi nanzikambe anagwirira limodzi cholembera chimodzi, akuchitsitsira papepala kuti alembe zotsatira. Pomwepo lole inagwa m'dzenje, munsi uja unadzandira, wanga uli kale m'njira, ndipo sindinadziwe ngati sefa yaumva kapena ayi.

Thi. Thi. Thi.

Kutsekula maso, kunja kwayera, ndi inu mukusinja nsinjiro kuseri kwa mpanda, nokha, mopanda nkhawa. Manja anga anali m'mwamba atagwira mphepo.

Tsono musandiyang'ane choncho. Teni koloko sinakwane. Patseni munsi winawo, tiyese ndione ngati igundana, ndisanamuimbire mwanayo.